Opanda bwana: akatswiri a hip hop omwe adapanga mbiri ndi thumba lawolawo

Gawo lalikulu la msika wa nyimbo padziko lonse lili m'manja mwa makampani atatu: Universal, Sony ndi Warner. Kwa zaka zambiri, wachinyamata wofuna kumveka kunja kwa dera lakwawo ankayenera kugogoda pakhomo pa makampani otere. Akamutsegulira, ankamupatsa ndalama yoyambira, situdiyo ndi mwayi womveka pawailesi. Koma ndalamayo idali ngongole yoti ibwezedwe chimbale chikayamba kuyenda malonda, ndipo nyimbo zojambulidwazo zinkasanduka katundu wa kampani.

Chamba cha hip hop, chomwe chidabadwira ku Bronx mumzinda wa New York m'zaka za m'ma 1970, chatulutsa anthu ambiri okana dongosolo limeneli. Ena adakana mwadala, ena adayamba okha chifukwa padalibe wowalabadira. Nazi zina mwa mbiri zomwe adapanga, pamodzi ndi zimene zidachitika kuseri kwake.

Rap yoyamba kulowa m'gulu la nyimbo 40 zotchuka ku America

Mu 1979 makampani akuluakulu ankaona rap ngati phokoso la ana lomwe lizilala lokha. Amene adanunkhiza ndalama adali Sylvia Robinson, mayi yemwe kale adali woimba ndipo adali atangotsegula kampani yaing'ono ya Sugar Hill Records ku Englewood, m'chigawo cha New Jersey. Adatolera anyamata atatu, n'kuwatcha Sugarhill Gang, ndipo adajambula "Rapper's Delight", nyimbo yotalika pafupifupi mphindi 15. Idakwera mpaka pa nambala 36 pamndandanda wa Billboard Hot 100, pomwe rap idali isadapondepo.

Chiyambichi sichidali choyera. Kamvekedwe ka zida kadatengedwa m'nyimbo ya "Good Times" ya gulu la Chic, ndipo eni ake, Nile Rodgers ndi Bernard Edwards, adachita kuopseza zokamang'ala kukhoti kuti maina awo alembedwe. Mawu ambiri omwe Big Bank Hank, mmodzi mwa anyamata atatu aja, adalakatula m'nyimboyo adali a Grandmaster Caz wa ku Bronx, koma dzina la Caz silidalembedwe pa eni nyimboyo. Kampani yaing'ono nayo imatha kudyera munthu masuku pamutu.

Zimbale 23 m'chaka chimodzi

Kugulitsa makaseti kuchokera m'buti ya galimoto kudatchuka ndi Too $hort ku Oakland ndi E-40 ku Vallejo, m'chigawo cha California. Koma amene adasandutsa geni imeneyi kukhala ufumu ndi Percy Miller, wodziwika kuti Master P, yemwe adakulira m'nyumba za anthu osauka za Calliope ku New Orleans. Agogo ake aamuna atamwalira chifukwa cha kusasamala kwa achipatala, iye adalandirako madola 10,000 pa chipukutamisozi. Ndalamayo adatsegulira kasitolo ka nyimbo ku Richmond, California, n'kukatcha No Limit. Atakhala pakauntala n'kuona zomwe anthu ankafunsa koma osazipeza, adayamba kuzijambula yekha.

Pofika 1996 adali ndi omutsatira okwanira moti pokambirana ndi kampani ya Priority Records sadapite ngati wopempha. Adagwirizana kuti Priority izingofikitsa zimbale m'masitolo n'kutengapo kagawo kochepa. Malipoti ambiri amati No Limit inkatsala ndi madola 85 pa madola 100 alionse, ndipo umwini wa nyimbo zonse udatsala m'manja mwa Miller.

Mu 1998 kampaniyi idatulutsa zimbale 23, kutanthauza kuti pafupifupi masabata awiri alionse m'sitolo munkafika chatsopano. Munthu ankachizindikira ali patali: chikuto chothwanima chopangidwa ndi Pen & Pixel a ku Houston, chodzaza ndi golide, magalimoto apamwamba ndi chizindikiro cha kasinja wankhondo. Ukatsegula kabuku ka m'kati, umapezamo zithunzi za zimbale zina zomwe zikubwera, zina zisadajambulidwe n'komwe. Oimba a kampaniyi ankaimbirana m'zimbale zawo, ndipo zida zinkaphikidwa ndi gulu limodzi la Beats by the Pound. Chaka chomwecho Snoop Dogg adachoka ku Death Row n'kulowa No Limit.

Liwiro lotere silidakhalitse. Mu 1999 ambiri mwa ophika zida aja adachoka atasemphana ndi kampani pa nkhani ya ndalama, oimba ena adatsatira, ndipo mu 2003 No Limit idalengeza kuti yalephera kubweza ngongole zake.

Pamwamba penipeni popanda kusainira kampani yaikulu

Mu Novembala 2011, Mac Miller wa ku Pittsburgh, ali ndi zaka 19 zokha, adatulutsa chimbale cha Blue Slide Park kudzera ku kampani yaing'ono ya kwawo, Rostrum Records. M'sabata yoyamba chidagulidwa makope opitirira 140,000 n'kukhala pa nambala wani pa Billboard 200. Chimbale choyamba cha woimba, chofalitsidwa popanda kampani yaikulu, chidali chisadachitepo zimenezi kuchokera pomwe Tha Dogg Pound adatulutsa Dogg Food mu 1995. Omutsatira adawapeza powapatsa ma mixtape aulere ndi makanema a pa YouTube. Mac Miller adamwalira mu 2018 ali ndi zaka 26.

Kumbali ya nyimbo imodziimodzi, mbiri ili ndi Macklemore ndi Ryan Lewis a ku Seattle. Pomwe anzawo ankadzitama ndi zovala za madola zikwizikwi, iwo adatulutsa "Thrift Shop", nyimbo yonyadira kuvala za pakaunjika. Kumayambiriro kwa 2013 idafika pa nambala wani pa Hot 100 n'kukhalapo masabata 6. Woimba wosasainira kampani yaikulu adali atachita zimenezi komaliza mu 1994, pomwe Lisa Loeb adatchuka ndi "Stay". Nyimbo yawo yotsatira, "Can't Hold Us", nayo idakafika pomwepo.

Awiriwa sadasenze okha denga lonse. Adalemba ntchito ADA, nthambi ya Warner yofalitsa nyimbo, ndipo akatswiri a Warner adathandiza kukankha nyimboyo m'mawailesi. Kusiyana kwake n'kwakuti kampani ndiyo inkawagwirira ntchito, ndipo nyimbo zidali zawo. Mu 2014 adatenga mphoto zinayi za Grammy, kuphatikizapo ya chimbale chopambana cha rap, yomwe ambiri ankati imayenera Kendrick Lamar. Macklemore mwini wake adamulembera Lamar uthenga wopepesa n'kuuika pa Instagram, zomwe zidangowonjezera mkangano.

Mixtape ya madola 100

Mu 2013 mixtape idali chinthu chaulere. Munthu ankangoitsitsa pa intaneti, osalipira kanthu. Ermias Asghedom, wodziwika kuti Nipsey Hussle, mwana wa bambo wa ku Eritrea ndi mayi wa ku America, adalengeza kuti yake yotchedwa Crenshaw aigulitsa madola 100 kope limodzi. Anthu ambiri adamuseka, makamaka chifukwa nyimbo zomwezo adaziikanso pa intaneti kuti aliyense amvere ulele.

Ganizoli adalitola m'buku la Contagious la Jonah Berger, momwe muli nkhani ya lesitilanti ina ya ku Philadelphia yomwe idatchuka pogulitsa sangweji ya nyama pa madola 100. Nipsey adadinda makope 1,000 okha, lililonse ndi nambala yake, siginecha yake ndi tikiti ya phwando la maimbidwe. Adatsegula kasitolo ka tsiku limodzi ku Los Angeles mu Okutobala chaka chimenecho, ndipo pasanathe maola 24 makope onse adatha. Jay-Z yekha adagula 100. Zonse pamodzi zidakwana madola 100,000, ndipo padalibe kampani yodyapo.

Masamu ake ndi osavuta kuwatsata. Pamgwirizano wa masiku onse, woimba amalandira kagawo kochepa pa chimbale chilichonse, ndipo amayamba kukaona ngongole ya kampani ikatha. Nipsey adaona kuti anthu 1,000 omukonda zenizeni angamupatse zomwe anthu miyandamiyanda ongodutsa sangamupatse. Pa mixtape yotsatira, Mailbox Money, adakweza mtengo kufika madola 1,000 ndipo adadinda makope 100 okha.

Kampani yaikulu adadzagwira nayo ntchito pambuyo pake, pa chimbale cha Victory Lap cha 2018, chomwe kampani yake ya All Money In idatulutsa mothandizana ndi Atlantic. Adagulanso malo a masitolo a pamphambano ya misewu ya Crenshaw ndi Slauson, pomwe ankagulitsira ma CD ali mnyamata. Ndi pomwepo, kunja kwa sitolo yake ya Marathon Clothing, pomwe adaphedwa ndi mfuti pa 31 Malichi 2019.

Chimbale chodula kuposa zonse

Gulu la Wu-Tang Clan lidafika nalo patali ganizo lodinda makope ochepa. Chimbale chawo cha Once Upon a Time in Shaolin, chomwe adachijambula mwachinsinsi kwa zaka zingapo motsogozedwa ndi RZA ndi Cilvaringz, chili ndi kope limodzi lokha padziko lonse, losungidwa m'bokosi la siliva lozokotedwa ku Morocco. Mu 2015 adachigulitsa pa madola pafupifupi 2 miliyoni, ndi lamulo loti wogula sangachigulitse kwa anthu ngati nyimbo za pamsika mpaka chaka cha 2103.

Wogulayo adapezeka kuti ndi Martin Shkreli, mkulu wa kampani ya mankhwala yemwe anthu ankadana naye chifukwa chokweza mtengo wa mankhwala ena mopanda chifundo. Atapezeka wolakwa pa mlandu wa chinyengo, boma la America lidalanda chimbalecho n'kuchigulitsa mu 2021. Chidathera m'manja mwa gulu la PleasrDAO pa madola pafupifupi 4 miliyoni.

Biti yotchipa kwambiri

Chakumapeto kwa 2018, Montero Hill wa ku Atlanta adali atasiya koleji ndipo ankagona kwa mchemwali wake. Adagula biti pa intaneti pa madola 30 kwa mnyamata wa ku Netherlands wotchedwa YoungKio, yemwe adali asadakumanepo naye. Mu Disembala adatulutsa "Old Town Road" pa dzina la Lil Nas X, ndipo kutsatsa konse ankachita yekha ndi timakanema toseketsa mpaka nyimboyo idagwira moto pa TikTok.

Kampani ya Columbia idamusainitsa mu Malichi 2019 nyimboyo itatchuka kale. Idajambulidwanso ndi Billy Ray Cyrus, ndipo idakhala pa nambala wani kwa masabata 19, kuposa masabata 16 omwe "One Sweet Day" ndi "Despacito" zidakhalapo. Koma m'biti ya madola 30 ija mudali kachidutswa ka nyimbo ya gulu la Nine Inch Nails, kotero Trent Reznor ndi Atticus Ross adalembedwa ngati ena mwa eni nyimboyo.

Grammy yoyamba ya chimbale chosagulitsidwa

Chancelor Bennett wa ku Chicago, wodziwika kuti Chance the Rapper, adamuimitsa sukulu kwa masiku khumi ali kusekondale, ndipo nthawiyo adayambira mixtape yomwe adaitcha 10 Day. Yachiwiri, Acid Rap ya 2013, idachititsa kuti makampani azimulondalonda. Chance the Rapper adawakanira onse. Nyimbo ankapereka ulele, ndalama n'kumazipeza m'mapwando a maimbidwe ndi m'malonda a zovala, makamaka chipewa cholembedwa nambala 3.

Coloring Book, ya mu Meyi 2016, idadzaza ndi makwaya ndi malipenga a kutchalitchi. Idafika pa nambala 8 pa Billboard 200 popanda kugulitsa kope ngakhale limodzi, kungowerengera omvera pa intaneti, zomwe zidali zisadachitikepo. Nthawiyo malamulo a Grammy sankalola chimbale chosagulitsidwa kupikisana nawo. Adasinthidwa chaka chomwecho, ndipo mu Febuluwale 2017 Chance, ali ndi zaka 23, adatenga mphoto zitatu, kuphatikizapo ya chimbale chopambana cha rap. Mwezi wotsatira adapereka madola 1 miliyoni ku sukulu za boma za ku Chicago.

Anthu atayamba kufunsa komwe kudachokera ndalama zojambulira chimbale chapamwamba chotere, iye adaulula kuti Apple idamupatsa madola 500,000 kuti kwa masabata awiri oyambirira chizipezeka pa Apple Music pokha. Ena adati uku n'kusaina komwe. Iye adayankha kuti masabata awiriwo atatha, chimbale chidali chakebe.

Woyamba kutsogola mbali ziwiri nthawi imodzi

Lecrae adathandiza kukhazikitsa Reach Records mu 2004, nthawi yomwe rap yachikhristu inkakanidwa m'mawailesi a hip hop n'kumakayikiridwanso m'mipingo. Mu 2013 chimbale chake cha Gravity chidatenga Grammy ya chimbale chopambana cha nyimbo zauzimu, koyamba kuti ipite kwa woimba rap. Mu Seputembala 2014, Anomaly idakhala chimbale choyamba kukhala pa nambala wani pa Billboard 200 komanso pamndandanda wa zimbale zauzimu sabata imodzimodzi.

Wakhama pamsewu

Tech N9ne wa ku Kansas City adakhazikitsa Strange Music pamodzi ndi Travis O'Guin, munthu wa bizinesi yokonza mipando, atatopa ndi migwirizano yomwe sinkamupindulira. Wailesi sizinkamuimba kawirikawiri, choncho adaganiza zowapeza anthu komwe ali, kuphatikizapo m'matauni ang'onoang'ono omwe akatswiri otchuka amangowadutsa. Mu 2012, paulendo wa Hostile Takeover, adakonza mapwando 90 m'masiku 99. Kampaniyi ili ndi masitudiyo ndi nyumba zakezake zosungira katundu ku Lee's Summit, Missouri, ndipo khama limeneli lidamulowetsa kangapo pamndandanda wa Forbes wa oimba hip hop opeza ndalama zambiri.

Khamu lalikulu kummwera kwa Africa

Ku South Africa kudali chikhulupiriro choti holo yaikulu ya Dome ku Johannesburg singadzaze popanda woimba wa ku America. Oimba a m'dzikomo ankangoitanidwa kudzatenthetsa bwalo alendo asanakwere. Refiloe Phoolo wa ku Mahikeng, wodziwika kuti Cassper Nyovest, yemwe adasiya sukulu ali ndi zaka 16 kuti atsate nyimbo, adalengeza kuti aidzaza yekha kudzera ku kampani yake ya Family Tree.

Pa 31 Okutobala 2015 anthu pafupifupi 20,000 adalowa mu Dome, matikiti atatheratu, ndipo chimbale chake chachiwiri, Refiloe, chidatuluka tsiku lomwelo. Mu 2016 adakaimba ku Orlando Stadium ku Soweto. Mu Disembala 2017 adalimbana ndi FNB Stadium, bwalo lomwe padaseweredwa ndime yomaliza ya World Cup ya 2010. Silidadzaze mpaka pakamwa, koma anthu pafupifupi 68,000 adabwera kudzaonera woimba yemwe amasakaniza Setswana ndi Chingerezi. Pokonzekera mapwandowa ankadandaula poyera kuti makampani othandiza akuzengereza ndipo zambiri akulipira yekha. Kudzaza bwalo ndi kupeza phindu zidakhala nkhani ziwiri zosiyana.

Oyamba ku Britain ndi ku Australia

Stormzy, mwana wa mayi wa ku Ghana wokulira kummwera kwa London, adajambula "Shut Up" papaki, atazunguliridwa ndi anzake, ndipo mu Disembala 2015 idafika pa nambala 8 ku Britain. Mu 2017 chimbale chake cha Gang Signs & Prayer, chotuluka pa kampani yake ya #Merky, chidakhala choyamba cha chamba cha grime kufika pa nambala wani m'dzikomo. Mu 2019 adakhala woimba payekha wachikuda woyamba wa ku Britain kukhala mwini usiku pabwalo lalikulu la Glastonbury.

Sampa Tembo, wodziwika kuti Sampa the Great, adabadwira ku Zambia, n'kukulira ku Botswana, ndipo luso lake lidaphukira ku Australia. Ndi woimba woyamba kutenga kawiri mphoto ya Australian Music Prize: koyamba ndi Birds and the BEE9, kachiwiri ndi The Return, chomwe chidatuluka mu 2019 pa kampani yodziimira payokha ya Ninja Tune. Atabwerera ku Zambia adajambula As Above, So Below ndi Mag44, ndipo nyimbo ya "Never Forget", yolemekeza chamba cha Zamrock, idamveka m'kanema wotsatsa filimu ya Black Panther: Wakanda Forever.

Mphoto m'manja, thumba lopepuka

Chaka cha 2022 chidali cha Little Simz wa ku London, mwana wa makolo a ku Nigeria, yemwe nyimbo zake ankazitulutsa pa kampani yake ya Age 101. Mu Febuluwale adalandira mphoto ya Brit, ndipo mu Okutobala chimbale chake cha Sometimes I Might Be Introvert chidatenga Mercury Prize. Pakati pa mphoto ziwirizi, mu Epulo, adaimitsa ulendo wake wa ku America. Adafotokoza kuti zonse za pamapwando ake amalipira yekha, ndipo mwezi wathunthu ku America ukadamusiya m'dzenje la ngongole. Ndege, mahotela, ziphaso ndi malipiro a oimba zida, zomwe kampani yaikulu imayamba yalipira, zonse zidali pamutu pake.

Kudikira kotalika kuposa konse

De La Soul, gulu la anthu atatu, adasainira kampani ya Tommy Boy ali achinyamata, ndipo chimbale chawo cha 1989, 3 Feet High and Rising, chimawerengedwa m'gulu la zimbale zapamwamba za hip hop. Chidalukidwa ndi tizidutswa tambirimbiri ta nyimbo za anthu ena, ndipo zilolezo zake zidalembedwa nthawi ya makaseti ndi ma CD, intaneti isadaganiziridwe. Dziko litasamukira pa iTunes kenako pa Spotify, zimbale zawo 6 zoyambirira zidatsalira. Mbadwo wathunthu udakula osazipeza pamalo omwe umamvera nyimbo.

Pa 14 Febuluwale 2014, atatopa, adazipereka ulele pa intaneti kwa maola 25. Mu 2015 adapempha owatsatira pa Kickstarter madola 110,000 ojambulira chimbale chatsopano, ndipo adalandira opitirira 600,000. Poopa kubwereza vuto lakale, adaitana oimba zida kuti aziimba momasuka kwa maola oposa 200, kenako n'kumadula tizidutswa m'zojambula zawozawo. Chimbalecho, and the Anonymous Nobody, chidatuluka mu 2016.

Zakale zija zidakhalabe zomangika. Mu 2019 Tommy Boy idafuna kuziika pa intaneti, koma atatuwa adauza dziko kuti iwo azilandira 10 pa 100 iliyonse, ndipo owatsatira adakwiya mpaka dongosololo lidaimitsidwa. Mpata udapezeka mu 2021 pomwe kampani ya Reservoir idagula Tommy Boy. Nyimbozo zidafika pa intaneti pa 3 Malichi 2023, patatha zaka 34 chitulukireni chimbale choyamba. Mmodzi mwa atatuwa, David Jolicoeur, adali atamwalira pa 12 Febuluwale, kutatsala masabata osakwana atatu.

Ku Lilongwe, Blantyre, Lusaka ndi Chipata, oimba rap ambiri ndi opanda bwana kale, popeza makampani akuluakulu oti n'kuwakanira ndi osowa. Amalipira okha situdiyo, kanema ndi holo. Chomwe angatolepo pa mayina ali pamwambawa si kukana kampani, pakuti Master P, Macklemore, Nipsey ndi Stormzy onse adagwira ntchito ndi makampani nthawi itakwana. Adangoonetsetsa kuti apite kokambirana ali ndi anthu owatsatira kale, ndiponso kuti zidziwike polemba kuti nyimbo ndi ya yani. Zimenezi zimayamba tsiku logula biti: kulemberana ndi woiphika, kufunsa ngati mulibe kachidutswa ka nyimbo ya wina, ndi kukalembetsa ntchitoyo ku bungwe loona za umwini, monga COSOMA ku Malawi, nyimbo isanatchuke.